Wotchi ya ku Joni siyeza BP

Azakhali anga a ku Kande anakhala miyezi iwiri osamwa mapiritsi a BP chifukwa cha wotchi. Mwana wawo amene ali ku Joni anawatumizira wotchi yamakono, yagalasi lakuda, yomwe ukaikhudza imayaka n'kuonetsa manambala. M'mawa uliwonse asanapite kukavuula chinangwa ankaidina, iyo n'kuwauza kuti 120/80. Iwo anati basi achira. Tsiku lina ali pakati pophika kondowole mutu unawawanda, m'maso munachita mdima, mthiko n'kugwa. Titawathamangitsira kuchipatala, namwino anawakulunga lamba pamkono n'kuyeza kawiri. Nambala yam'mwamba inali itadutsa 190. Wotchi ija, ili pamkono womwewo, inkaonetsabe 120.

Madzulo ake ndinaimanga pampini wa khasu. Inaphethira kuwala kobiriwira, kenako inalemba manambala, pamtengo wouma wopanda mtima.

Kuchokera pa Kande mpaka pa Chintheche, mabanja ambiri ali ndi m'bale ku South Africa, ndipo katundu wochokera kumeneko amapatsidwa ulemu. N'chifukwa chake mphekesera yoti "makina a kuchipatala amakweza BP, wotchi ndiye imanena zoona" yafala msanga. Ineyo imandinyansa, chifukwa ikhoza kupha munthu.

Taonani mmene makina akale a kuchipatala amagwirira ntchito. Namwino amapopa mpweya ndi kampira mpaka lamba atafinya mtsempha waukulu wa pamkono, magazi osadutsanso. Kenako amaphwetsa pang'onopang'ono, chomvetsera chili m'makutu. Magazi akangoyamba kudzipanikiza kudutsa pamalo opanawo, amamveka kuti du! du! du! Pamene phokosolo layambira ndiye nambala yam'mwamba, pamene lathera ndiye yam'munsi. Dokotala wa ku Russia, Nikolai Korotkov, ndiye anafotokoza zimenezi mu 1905. Makina a mabatire alibe khutu, koma nawonso amafinya mtsempha womwewo. Mpweya ukamachepa, mtima ukagunda lamba amanjenjemera pang'ono kwambiri, ndipo kachipangizo ka m'kati kamamva kunjenjemerako. Kumayamba kochepa, kumakula, n'kufika pachimake, kenako n'kuzilala. Makinawo amagwira pachimake paja n'kuwerengera manambala awiri aja. Mfundo ndi yakuti makina onse awiri amafinya mtsempha, amayeza mphamvu yeniyeni ya magazi.

Nanga wotchi ngati ya azakhali imafinya chiyani? Palibe. Imangowalitsa kuwala kobiriwira pakhungu n'kuona mmene kukubwerera magazi akamadzaza ndi kuchepa m'timitsempha. Njira imeneyi imatha kuwerenga kagundidwe ka mtima, koma BP imangoyerekeza. Mawotchi ena odula amene amayesako amafuna kuti mwini wake aziwafananitsa kawirikawiri ndi makina a lamba. Otchipa ambiri amangotulutsa nambala yosangalatsa.

Ena akamva zimenezi amathawira mbali ina, amati bola zakale zopopa pamanja, za mabatire zonse n'zabodza. Apanso ayi. Makina opopa pamanja okhala ndi muvi akagwa pansi kapena akagwedezeka pakabaza, muvi umasokonekera mwakachetechete, ndipo amafunika kuwunikidwa pafupipafupi. Amadaliranso khutu la munthu. Pachipatala podzaza ana olira, woyeza atatopa, n'zosavuta kuphonya kugunda koyamba kapena kungolemba 140 pamene muvi unali pa 146. A mekyure, omwe anali odalirika kwambiri, akuchotsedwa m'zipatala potsatira pangano la Minamata la mu 2013 chifukwa mekyure ndi poizoni. Mu 2020 bungwe la WHO linalimbikitsa mayiko kugwiritsa ntchito makina odziyezera okha a lamba wa pamkono, bola akhale oti anayesedwa n'kutsimikizidwa. Nawonso ali ndi pofooka pawo: lamba wothina pamkono wonenepa amakweza nambala, ndipo mtima wogunda mopanda dongosolo umawasokoneza.

Za shuga ndiye musazimvere n'komwe. Mu February 2024 bungwe la FDA la ku America linachenjeza anthu kuti asagwiritse ntchito wotchi kapena mphete iliyonse yonena kuti imayeza shuga popanda kubaya khungu, chifukwa silinavomerezepo ngakhale imodzi. Komabe ogulitsa pa Facebook akupitiriza kulonjeza zomwezo, anthu n'kumatumiza ndalama.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse azaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Nthendayi simveka m'thupi mpaka tsiku limene yafoola mkono kapena kupotoza kamwa. Munthu wotere ukam'patsa chinthu chomuuza tsiku ndi tsiku kuti ali bwino, wam'tsekera njira ya kuchipatala.

Azakhali anayambiranso mapiritsi, ndipo manambala awo tsopano akulembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Inu a ku Joni, ngati mukufunadi kuthandiza makolo, atumizireni makina a lamba wa pamkono ndi mabatire ake, ndipo ayambe apita nawo kuchipatala kuti namwino akawafananitse ndi ake. Mapiritsi asasiyidwe popanda mawu a dokotala.