Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: tidziwe mabungwe olondera zipatala za ku England

Ambiri mwa ife tidakula tikudziwa kuti dokotala safunsidwa mafunso. Akalemba mankhwala, munthu umalandira ndi manja awiri, kuthokoza n'kumapita, ngakhale usadamvetse zimene wanena. Ulemu umenewu tidabwera nawo kuno, ndipo ndimauona kawirikawiri muwodi momwe ndimagwira ntchito ya unamwino: m'bale wathu ali mu ululu, koma akafunsidwa amangoti "ndili bwino". Ulemu ndi wabwino. Vuto ndi lakuti zipatala za kuno zimakonza zolakwika potengera zimene odwala, achibale ndi ogwira ntchito anena, ndipo pali mabungwe a boma amene ntchito yawo ndi kumva mawu amenewo. Tikakhala chete, m'mabuku mwawo mumalembedwa kuti zonse zili bwino.

Oyendera zipatala: CQC

Bungwe la Care Quality Commission, mwachidule CQC, lidayamba ntchito mu 2009. Chipatala chilichonse ku England, ofesi ya GP, dokotala wa mano, nyumba yosamalira okalamba ngakhalenso kampani yotumiza antchito m'makomo mwa odwala, onse ayenera kulembetsa ku bungweli. Likayendera zipatala, maofesi a GP ndi malo osamalira anthu, limawaika m'magulu anayi: abwino koposa, abwino, ofunika kukonza, ndi osakwanira. Lamulo likuti zotsatirazi zipachikidwe poonekera, ndipo zilinso pa intaneti. Musanasankhe GP kapena nyumba yoti mukagwireko ntchito, werengani lipoti lake. Onaninso tsiku limene lidalembedwa, chifukwa kauniuni wa boma wa mu 2024 adapeza kuti bungweli lidatsalira m'mbuyo pa ntchito yake, moti malo ena adatha zaka zambiri osayenderedwa. Abale a ku Scotland dziwani kuti kumeneko ntchitoyi ili m'manja mwa Healthcare Improvement Scotland ndi Care Inspectorate.

Mphamvu za oyenderawa zidakula kaamba ka zimene zidachitika pachipatala cha Stafford pakati pa 2005 ndi 2009. Odwala ankasiyidwa pa zofunda zonyowa, ena osapatsidwa madzi akumwa, pamene akuluakulu a chipatala ankatanganidwa ndi kuchepetsa ndalama zogwiritsa ntchito. Amene adaulula nkhaniyi anali achibale, motsogozedwa ndi mayi Julie Bailey, omwe mayi awo adamwalira pachipatalacho mu 2007. Kafukufuku amene adatsogolera a Robert Francis adatulutsa lipoti mu 2013 lokhala ndi mfundo 290 zoti zikonzedwe. Chimodzi mwa zotsatira zake ndi lamulo la mu 2014 lokakamiza chipatala kukuuzani zoona, kufotokoza ndi kupepesa ngati chakulakwitsirani chinthu chimene chakuvulazani.

Ambiri mwa ife timagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo timaona zinthu zimene oyendera sangaone pa tsiku limodzi: antchito awiri usiku wonse pa okalamba ambirimbiri, mankhwala osaperekedwa koma kusainidwa ngati aperekedwa. Mantha otaya ntchito ndi viza ndi omveka. Komabe lamulo la mu 1998 limateteza wantchito woulula zoipa zotere, ndipo CQC imalandira uthenga ngakhale munthu asadatchule dzina lake. Kwa anamwino, kuulula ndi udindo umene Nursing and Midwifery Council, bungwe lotilembetsa, limatiyembekeza kuti tiukwaniritse.

Osankha chithandizo: NICE

Anthu ena amadabwa kuti bwanji mnzawo wachizungu wa msinkhu womwewo adapatsidwa ramipril wa BP pamene iwo adapatsidwa amlodipine, ndipo amaganiza kuti ndi tsankho kapena kuti apatsidwa mankhwala otsika mtengo. Yankho lili ku NICE, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti lizisanthula umboni wa kafukufuku ndi kulemba malangizo amene madokotala amatsatira. Malangizo ake akuti munthu wa mtundu wa ku Africa amene alibe matenda a shuga ayambe ndi mankhwala a gulu la amlodipine, chifukwa umboni udaonetsa kuti mankhwala a gulu la ramipril akakhala okha satsitsa BP mokwanira mwa ambiri a ife. Kwa amene ali ndi shuga malangizo ndi ena.

Malangizowa amasintha umboni watsopano ukapezeka. Kwa zaka zambiri zotsatira za kuyeza impso za munthu wakuda zinkawonjezeredwa nambala, zomwe zinkachititsa kuti impso zioneke zamphamvu kuposa mmene zilili. NICE idachotsa zimenezi mu 2021. Malangizo onse a bungweli aliyense angathe kuwawerenga mwaulere, ndipo palibe cholakwika kufunsa dokotala kuti, "Kodi malangizo a NICE akuti chiyani pa matenda angawa?"

Olondera mankhwala: MHRA

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, amayi oyembekezera ankapatsidwa mankhwala a thalidomide oletsa nseru. Ana zikwizikwi m'maiko osiyanasiyana adabadwa ndi manja kapena miyendo yosakula, ndipo mankhwalawo adachotsedwa pamsika kuno mu 1961. Pofuna kuti zotere zisadzachitikenso, mu 1964 kudayamba ndondomeko ya Yellow Card, yolembera vuto lililonse limene munthu akuganiza kuti labwera ndi mankhwala. Lero ili m'manja mwa bungwe la MHRA, limenenso limapereka chilolezo kuti mankhwala agulitsidwe mu UK. Kale ankalemba ndi madokotala okha, koma kuyambira 2005 wodwala kapena womusamalira angathe kulemba yekha, ndipo masiku ano zimatheka pa foni. Simufunika kukhala ndi umboni. Kukayikira kokha ndi kokwanira.

Izi zikutikhudza chifukwa mankhwala sagwira mofanana pa aliyense. Kutupa milomo, lilime ndi kukhosi chifukwa cha mankhwala a gulu la ramipril kumachitika kwambiri mwa anthu akuda kusiyana ndi azungu. Zikachitika imbani 999 nthawi yomweyo, ndipo mukachira lembani Yellow Card. Mankhwala azitsamba ndi mafuta oyeretsa khungu amene timaitanitsa kumudzi nawonso muziwatchula kwa dokotala, popeza ena amalimbana ndi mankhwala a kuchipatala.

Ofufuza: NIHR

Mu 2006 boma lidakhazikitsa NIHR, bungwe lolipira ndi kuthandiza kafukufuku wa zaumoyo. Phindu lake lidaoneka mu June 2020 pamene kafukufuku wa RECOVERY, wotsogozedwa ndi yunivesite ya Oxford, adapeza kuti dexamethasone, mankhwala akale ndi otsika mtengo, amapulumutsa mmodzi mwa odwala Covid-19 atatu alionse amene akadamwalira ali pa makina opumira. Izi zidadziwika chifukwa odwala zikwizikwi adavomera kulowa nawo m'kafukufuku.

Ife tikamva za kafukufuku wotenga magazi timakumbuka nkhani za anamapopa, ndipo ambiri timakana tisadamve n'komwe. Koma kusapezeka kwathu kuli ndi mtengo wake. Kachipangizo kopana chala poyeza mpweya m'magazi kadayesedwa kwambiri pa khungu loyera. Mu 2021 bungwe la NHS Race and Health Observatory lidachenjeza kuti pa khungu lakuda kangathe kuonetsa mpweya wochuluka kuposa umene ulipo. Choncho munthu akamabanika, musadalire nambala yokha. Nawo malipoti a MBRRACE-UK, amene amasanthula imfa za amayi oyembekezera ndi ongobereka kumene, adapeza mu 2018 kuti chiopsezo cha mayi wakuda chinali chachikulu kasanu kuposa cha mzungu. Kusiyanaku kwachepako koma sikudathe. Kukadapanda kuwerenga, palibe akadakhulupirira. Kafukufuku aliyense wa pa odwala amayamba wavomerezedwa ndi komiti yoteteza ufulu wawo, ndipo muli ndi ufulu wokana kapena kusiya pakati popanda chithandizo chanu kusokonekera. Ophunzira athu a unamwino, udokotala ndi sayansi, mbali imeneyi ikusowa anthu odziwa chilankhulo ndi miyambo yathu.

Poyambira pake

Ngati m'bale wanu wagonekedwa ndipo mukuona kuti akufooka koma sakukumverani, tchulani Martha's Rule. Ndondomekoyi idayamba mu 2024 pokumbukira Martha Mills, mtsikana wa zaka 13 amene adamwalira mu 2021 makolo ake atadandaula osamvedwa. Imakupatsani mwayi woitana gulu lina la akatswiri kuti lidzamuonenso mwachangu, usana kapena usiku. Funsani nambala yake kwa namwino wa muwodi.

Pa madandaulo ena, yambani ndi ofesi ya PALS imene imapezeka m'zipatala za NHS. Ngati simudakhutire, lembani dandaulo miyezi 12 isanathe, ndipo yankho likapanda kukukwanirani pitani kwa Parliamentary and Health Service Ombudsman. CQC siweruza dandaulo la munthu mmodzimmodzi, koma imagwiritsa ntchito zimene mwaiuza posankha koti ikayendere. Lembani masiku, nthawi ndi zimene mudauzidwa m'kabuku. Makolo athu obwera kudzacheza amene Chingerezi chimawavuta, apemphereni womasulira nthawi idakalipo, m'malo modalira mdzukulu kuti amasulire nkhani za matenda a agogo ake.