Mapulagi a Galimoto: Kudzisinthira Kapena Kulipira Makaniko?

Galimoto ikayamba kuvuta kulira m'maŵa, kunjenjemera itaima, ndi kumwa petulo mopitirira muyeso, anthu odziŵa za injini amayamba akayikira mapulagi. Apa mwini galimoto amafika pamphambano: atenge sipanala adzisinthire yekha, kapena apite nayo kwa amakaniko a ku Biwi kapena ku Ndirande akalipire? Funsoli si la anthu olemera okha ayi, pakuti masiku ano aphunzitsi ndi achinyamata ambiri ali ndi timagalimoto togwirapo kale ntchito tochokera ku Japan, ndipo ena chakudya chawo chimachokera m'timagalimoto tomweti.

Pulagi ndi kachitsulo kotalika ngati chala, kovekedwa dothi loyera lootcha longa la kapu. Ntchito yake ndi kuthethetsa moto m'kati mwa silinda kuti petulo wosakanikirana ndi mpweya ayake ndi kukankha pisitoni. Batire limapereka mavoliti 12 okha, koma koyilo imakweza mphamvuyo kufika pa mavoliti 20,000 kapena kuposerapo, kuti moto udumphe kampata ka pafupifupi milimita imodzi kamene kali kunsonga kwa pulagi. Moto umenewu umadya nsongayo pang'onopang'ono, kampata kaja nkumakula mpaka moto kuyamba kulephera kudumpha. Mapulagi wamba amatha akayenda makilomita pafupifupi 30,000, pamene a iridium amatha kufika 100,000. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a mtundu umenewu.

Pa injini zambiri za masilinda anayi, mapulagi amakhala pamwamba, poonekera munthu akangotsegula boneti. Ntchito yosintha siitenga ola lathunthu, ndipo chida chachikulu ndi sipanala ya mapulagi, kaŵirikaŵiri ya mamilimita 16, kapena 21 pa magalimoto akale. Wodzisinthira amapulumutsa ndalama zolipira mmisiri, koma phindu lenileni lili pena. Pulagi yakale ikatuluka imaulula zimene zikuchitika m'kati mwa injini, mmene diso silifika. Nsonga ikakhala yotuwa kapena yofiirira pang'ono, injini ili bwino. Ikakhala ndi mwaye wakuda wouma, petulo akuchuluka kuposa mpweya, ndipo mwina sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi la m'misewu yadothi. Ikanyoŵa ndi oyilo, ndiye kuti oyilo akuloŵa m'silinda, vuto limene mapulagi atsopano sangalithetse. Ikayera mbee ndi kuoneka yopserera, injini ikutentha kwambiri. Munthu amene waphunzira kuŵerenga zizindikiro zimenezi sanamizidwa wamba.

Komabe ntchitoyi ili ndi msampha wake. Mutu wa injini zambiri za masiku ano ndi wa aluminiyamu, chitsulo chofeŵa chonga cha masefuliya, pamene pulagi ndi yachitsulo cholimba. Pulagi ikaloŵa chopendekeka, munthu nkuikakamiza ndi sipanala, imadula timizere tozungulira ta m'dzenje mwake, tonga ta bawuti. Zikatero ntchito ya mphindi zoŵerengeka imasanduka ya masiku, mwina mpaka kuphwasula mutu wa injini, ndipo ndalama zake zimaposa kutali zija munthu amafuna kupulumutsa. Nchifukwa chake amisiri osamala amadikira injini izizire, amachotsa fumbi lozungulira pulagi kuti lisagwere m'silinda, ndipo pulagi yatsopano amayamba kuipota ndi zala zokha. Ikakana, amaibweza ndi kuyambanso. Sipanala imabwera pomalizira penipeni, ndipo samanga ndi mphamvu zonse ngati bawuti ya tayala, koma monga mwa muyeso umene opanga adalemba. Pa magalimoto okhala ndi nthambo za mapulagi, amasintha imodziimodzi, chifukwa nthambo zikasokonezeka injini imangophulika kapena kukana kulira. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Palinso nthaŵi imene nzeru ndiyo kulipira. Pa injini zina za V6, mapulagi atatu akumbuyo amabisika pansi pa njira yoloŵera mpweya, imene iyenera kuyamba yachotsedwa. Pa Subaru amakhala m'mbali, pamalo opanikizika. Pulagi imene yakhalitsa nkumamatira ikhoza kuthyokera m'kati ikakakamizidwa. Ndiponso injini ikapitirizabe kunjenjemera mapulagi atasinthidwa, vuto likhoza kukhala la koyilo, ndipo makaniko wokhala ndi makina oyezera amalipeza msanga kuposa munthu wongoganizira ndi kugula zipangizo chimodzichimodzi.

Ngakhale wolipira sayenera kungosiya makiyi ndi kuchoka. Adziŵe nambala ya pulagi yoyenera injini yake, imene imalembedwa m'buku la galimoto, pakuti mapulagi ooneka ofanana amasiyana kutalika ndi mmene amatayira kutentha. Yotalika kwambiri ikhoza kugundana ndi pisitoni. Asamale ndi mapulagi achinyengo olembedwa maina odziŵika monga NGK, Denso ndi Bosch koma ogulitsidwa motsika modabwitsa. Pomaliza apemphe mapulagi akale ndi kufunsa mmisiri zimene akuonapo. Makaniko wokhulupirika sakwiya ndi funso lotere.

Choncho wachinyamata wofuna kuphunzira ayambe waimirira pambali pa mmisiri tsiku loyamba, akuyang'ana ndi kufunsa. Tsiku lachiŵiri apote yekha mmisiri akuona. Akhoza kuyambira pa njinga yamoto ya kabaza, imene ili ndi pulagi imodzi yokha yoonekera poyera. Amene wadutsa njira imeneyi amadziŵa ntchito imene manja ake angathe ndi imene ayenera kusiyira ena, ndipo akapereka ndalama pagalaja amadziŵa chimene walipirira.