Zisudzo za ana zosankha mathero

Zisudzo zosankha mathero ndi mtundu wa masewero amene owonerera, kawirikawiri ana asukulu, amapatsidwa mphamvu yonena mmene nkhani iyendere. Sewero likafika pampondachimera limaimitsidwa, ndipo owonerera amafunsidwa chimene mpangankhani wamkulu achite. Nthawi zina amangonena maganizo awo, nthawi zina amavota pokweza manja, koma nthawi zambiri mmodzi wa iwo amalowa m'bwalo n'kutenga malo a mpangankhaniyo kuti ayese yekha njira imene waganiza. Ku Malawi njirayi imapezeka kwambiri m'zisudzo zachitukuko, zimene pa Chingerezi zimatchedwa Theatre for Development. Cholinga chake n'chakuti ana ayeserere kupanga chiganizo chovuta pamalo pamene kulakwitsa sikupweteka.

Mmene sewero limayendera

Ochita sewero amayamba ndi kafukufuku. Amacheza ndi ana, makolo, aphunzitsi ndi mafumu kuti amve mavuto enieni a m'deralo, kenako amakonza sewero lalifupi m'chiyankhulo cha anthu a komweko. Kawirikawiri mawu salembedwa papepala. Chimene amagwirizana ndi ndondomeko ya nkhani basi. Malo ake ndi bwalo la sukulu, pansi pa mtengo kapena pamchenga, ndipo owonerera amakhala mozungulira.

Seweroli limakonzedwa dala kuti lithe moipa. Likatha, wotsogolera amafunsa owonerera ngati zimene aonazo zimachitikadi kwawoko, ndiponso pamene zinthu zinayambira kulakwika. Kenako limayambidwanso, ndipo aliyense ali ndi ufulu woliimitsa. Amene waimitsayo amalowa m'malo mwa mpangankhani wovutikayo. Ochita sewero enawo sagonja msanga: bambo wouma mtima amakhalabe wouma mtima mpaka atamva mfundo yogwira mtima. Chifukwa cha ichi, njira zingapo zimayesedwa pa nkhani imodzi, ndipo owonerera ndiwo amaweruza imene ingatheke m'moyo weniweni.

Ntchito ya wotsogolera ndi kufunsa mafunso, osati kupereka mayankho. Iye amaonetsetsanso kuti atsikana ndi ana amanyazi apeze mpata woyankhula.

Chiyambi chake

Kutenga mbali kwa omvera si kwachilendo m'chikhalidwe cha Amalawi. Ponena nthano, wofotokoza akati "padangotero", omvera amavomera kuti "tili tonse", ndipo amathandiza kuimba nyimbo za m'nthanoyo. M'masanje ana amagawana okha maudindo a bambo, mayi ndi fisi, nkhani n'kumayenda mmene iwo afunira. Kusiyana kwake n'kwakuti mathero a nthano amadziwika kale, pamene m'zisudzozi mathero amakhala m'manja mwa owonerera.

Njira yolowetsa wowonerera m'malo mwa mpangankhani inakhazikitsidwa ndi Augusto Boal wa ku Brazil, amene anabadwa mu 1931 n'kumwalira mu 2009. Iye anatengerako maganizo a Paulo Freire, katswiri wa maphunziro wa m'dziko lomwelo, amene ankaphunzitsa kuti wophunzira si chikho chongothiramo nzeru. Boal anayesa njirazi mu 1973 pa ntchito ya sukulu za kwacha ku Peru, ndipo anazifotokoza m'buku lake lodziwika pa Chingerezi ndi mutu wakuti Theatre of the Oppressed. Njirayi inatchedwa Forum Theatre. Ku England, gulu la ku Belgrade Theatre mumzinda wa Coventry linayamba mu 1965 kupita m'sukulu ndi masewero amene ana ankatengamo mbali. Mu Africa, ntchito ya Laedza Batanani imene inayamba ku Botswana mu 1974 ndi imodzi mwa zoyambirira kugwiritsa ntchito zisudzo pokambirana za chitukuko cha kumudzi.

Mbiri yake ku Malawi

Gulu la zisudzo loyendayenda la sukulu yaukachenjede ya Chancellor College ndilo linatsogolera ntchitoyi m'dziko muno. Poyamba linkaonetsa masewero olembedwa kale, ambiri a m'Chingerezi, m'sukulu za sekondale. Mu 1981 linachita masewero a kumudzi ku Mbalachanda m'boma la Mzimba. Kuyambira mu 1985, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Christopher Kamlongera ndi David Kerr, gululi linagwira ntchito ndi a zaumoyo m'midzi yozungulira Liwonde, monga ku Mwima, pa nkhani za zitsime, ukhondo ndi matenda otsekula m'mimba. Kumeneko ochita sewero ankaima pakati pa nkhani n'kutembenukira kwa anthu kuwafunsa chochita, ndipo anthu a m'midzimo anayamba kupanga masewero awoawo.

Iyi inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene lamulo la mu 1968 linkafuna kuti sewero livomerezedwe ndi bungwe la boma lounika zosangalatsa lisanaonetsedwe. Sewero losalembedwa, loyenda motsata zonena za owonerera, linkapatsa anthu mpata wotchula zinthu zimene zinali zovuta kuzitchula pamsonkhano.

M'zaka za m'ma 1990 njirayi inalowa m'nkhani za ana kudzera m'ntchito ya GABLE yolimbikitsa maphunziro a atsikana, imene inkathandizidwa ndi USAID. Kuchokera m'ntchitoyi munabadwa bungwe la CRECCOM, limene linakhazikitsidwa ku Zomba mu 1999. Bungwe lina, la Theatre for a Change, linayamba ntchito ku Malawi mu 2007, ndipo limaphunzitsa njirayi kwa ophunzira zauphunzitsi kuti akaigwiritse ntchito m'sukulu za pulaimale. Pa pologalamu yake ya pawailesi yotchedwa Tisinthe, omvera amaimba foni n'kulowa m'malo mwa mpangankhani sewero lili mkati.

Chitsanzo cha kunyanja ku Salima

Nkhani za masewerowa zimachokera m'moyo wa dera limene akuchitikira, choncho sewero la kunyanja limasiyana ndi la kuminda ya fodya. Boma la Salima, limene pa kalembera wa mu 2018 linali ndi anthu oposa 470,000, lili m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndipo mabanja ambiri a ku Senga Bay, Chipoka, Lifuwu ndi Chikombe amadalira usodzi. Usipa umaphedwa usiku ndi nyali, ndipo mabwato akabwera m'mawa pamakhala ganyu wotsitsa nsomba, kuyanika pathandala ndi kukoka makoka. Nthawi imeneyi ndi yomwe belu la kusukulu limalira. Ana osamba m'madzi odikha a m'bango amakhalanso pachiopsezo cha likodzo.

Sewero la m'dera lotere likhoza kuyenda motere. Mnyamata wa Sitandade 7 ali ndi mayeso mawa lake, koma m'nyumba ufa watha, ndipo malume ake akumuitana kuti akathandize pa bwato usiku umenewo. Poyamba sewero limatha mnyamatayo atagona m'kalasi, n'kulephera mayeso, kenako n'kusiya sukulu. Pobwereza, mwana wina akhoza kulowa n'kuwakanira malumewo maso ndi maso. Wochita mbali ya mayi amafunsa kuti nanga banja lidya chiyani. Wina akhoza kupempha kuti azipita kunyanja Loweruka lokha. Wina akhoza kupita kwa aphunzitsi aakulu kapena kwa amayi a gulu loyang'anira atsikana ndi ana ovutika pasukulupo. Njira iliyonse imaonetsa phindu lake ndi mtengo wake, ndipo ana amaona kuti kukana kokha sikuthetsa njala, komanso kuti mwana sangasenze yekha vuto la banja lonse.

Momwemonso, sewero lonena za mtsikana amene akukakamizidwa kukwatiwa ndi wogula nsomba limapereka mpata wofotokoza kuti lamulo la maukwati la mu 2015, ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko kwa mu 2017, zimaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Ubwino ndi zovuta zake

Njirayi siifuna magetsi, nyumba ya zisudzo kapena kudziwa kuwerenga. Mwana amene sangayankhule za kunyumba kwawo akhoza kuyankhula za mpangankhani popanda kudziulula. Makolo ndi mafumu amene akuonerera amamva maganizo a ana, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri pabwalo la milandu kapena pamsonkhano wa m'mudzi.

Zovuta zilipo. Akatswiri ena a zisudzo amadandaula kuti masewero ambiri amalipiridwa ndi mabungwe amene amabwera ndi uthenga wokonzeratu, kotero kuti owonerera amangokankhidwira ku yankho limene linasankhidwa kale ku ofesi. Ana nawonso amazindikira msanga yankho lokondweretsa alendo, ndipo amalinena ngakhale sakulikhulupirira. Vuto lina n'lakuti sewero likhoza kukhudza chilonda cha mwana amene akuchitiridwa nkhanza; n'chifukwa chake otsogolera amayenera kudziwiratu kumene angamutumize, monga kwa alangizi a chitetezo cha ana kapena ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, ndiponso osalola kuti munthu weniweni wa m'mudzimo atchulidwe dzina m'bwalo.

Chomaliza, mathero amene ana asankha m'sewero sasintha zinthu pawokha. Magulu ambiri amatsiriza ndi kulemba mfundo zimene anthu agwirizana, dzina la udindo woyenera kuchitapo kanthu ndi tsiku lodzaonanso pamene zafika. Pamene aphunzitsi, makomiti a sukulu, makomiti a padoko ndi mafumu atenga mfundozo n'kuzitsata, m'pamene chisankho cha ana chimatuluka m'bwalo n'kufika m'mudzi.