Mabala ndi Malo Ovinira Usiku Akalowa M'dera Lokhala Anthu: Phunziro la ku Kilimani

Ambiri mwa ife tikamva za mavuto a mowa, timaganiza za munthu womwayo ndi banja lake. Koma pali mbali ina imene sitiikamba kawirikawiri, ndiyo ya dera lenilenilo limene mabala ndi malo ovinira usiku achulukamo. Dera lotere limasintha, ndipo kusinthako kumakhudza ngakhale anthu amene sadalawepo mowa chibadwire. Kuti timvetse bwino, tiyeni tione zimene zidachitika ku Kilimani, mu mzinda wa Nairobi, m'dziko la Kenya.

Pa nthawi ya atsamunda, ku Kilimani kunkakhala azungu okhaokha. Dziko la Kenya litalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1963, mabanja a eni dziko opezako bwino adayamba kukhalanso kumeneko, m'nyumba za mabwalo aakulu ndi mitengo yambiri. Koma popeza derali lili pafupi ndi pakati pa mzinda, malo adakwera mtengo. Nyumba zakale zambiri zidagwetsedwa, ndipo m'malo mwake mudamangidwa nyumba zosanja, maofesi ndi masitolo. Kudafika achinyamata apantchito okhala ndi ndalama m'thumba, ndipo amalonda a zisangalalo adawatsatira.

Kusintha kotere sikuchitika tsiku limodzi. Nyumba imodzi imasanduka malo odyera. Kenaka mwini wake amapeza chiphaso chogulitsira mowa. Pakapita nthawi amaika zokuzira mawu, poyamba Lachisanu ndi Loweruka lokha, pambuyo pake masiku onse mpaka mbandakucha. Eni nyumba zoyandikana akaona kuti wabala amalipira lendi yoposa imene banja lingakwanitse, nawonso amayamba kufuna alendi a mtundu womwewo. Amalonda nawo amakonda kuunjikana pamodzi, chifukwa anthu ofuna chisangalalo amapita kumene angathe kutuluka pakhomo ili n'kulowa pakhomo linalo. Motero bala imodzi imaitana inzake.

Choyamba kutayika ndi tulo. M'chaka cha 2009, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza kuti phokoso la usiku kunja kwa nyumba zogona lisamapitirire madesibelo 40, omwe ndi ofanana ndi kachetechete wa msewu wopanda magalimoto. Nyimbo za m'malo ovinira zimaposa pamenepa kutalitali, ndipo kugunda kwake kumadutsa makoma ngakhale mazenera atatsekedwa. Ovutika kwambiri ndi makanda, odwala, okalamba, ana a sukulu ndi onse olawirira ku ntchito.

Chachiwiri ndi msewu. Magalimoto amaimikidwa pa zipata za eni ake, matakisi ndi njinga zamoto zimadikira anthu usiku wonse, ndipo m'mawa ana amapita ku sukulu akulumpha mabotolo osweka. Kumene kuli anthu oledzera okhala ndi ndalama, akuba ndi oyendayenda sachedwa kufika.

Chachitatu, chimene chili chachikulu koposa, ndi anthu. Mabanja amene angathe kusamuka amasamuka, ndipo m'malo mwawo mumalowa anthu ongokhala miyezi yochepa, osadziwana ndi aliyense. Pamenepo dera limataya anthu amene ankazonda odwala, kusonkhana pa maliro ndi kudzudzula mwana wa mnzawo akalakwa. Otsala amakhala ochepa, ndipo mawu awo sapita patali.

Tisaiwale kuti malo amenewa amadyetsanso mabanja. Operekera zakumwa, alonda, ophika, oimba ndi ootcha nyama amapezerapo chakudya ndi fizi ya ana, ndipo boma limatolerapo misonkho. Kusangalala pakokha si mlandu. Nkhani yagona pa malo ndi nthawi: kodi malonda a usiku ayenera kuchitikira khoma limodzi ndi chipinda chogona ana?

Malamulo ku Kenya adalipo. Lamulo la mowa la 2010, lodziwika ndi dzina la phungu John Mututho, lidaika maola ogulitsira mowa m'mabala ndi kuletsa malo omwera kukhala pa mtunda wosakwana mamita 300 kuchokera pa sukulu. Komabe phokoso ku Kilimani silidathe, chifukwa lamulo lolembedwa siligwira ntchito popanda wolitsata. Choncho anthu okhala m'derali, kudzera m'bungwe lawo la Kilimani Project Foundation, adakasuma ku khoti loona za malo ndi chilengedwe, ponena kuti malamulo aakulu a dziko lawo amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pa malo abwino ndi aukhondo. M'chaka cha 2019 khotilo lidagwirizana nawo, ndipo lidalamula kuti ziphaso za malo anayi otchuka zilandidwe. Mu Novembala 2022, bwanamkubwa wa Nairobi, a Johnson Sakaja, adalengeza kuti ziphaso za malo ovinira usiku m'madera okhala anthu zathetsedwa, ndiponso kuti mabala a m'madera otero azizimitsa nyimbo ikakwana 10 koloko usiku. Eni mabala adadandaula kwambiri kuti anthu ochuluka achotsedwa ntchito.

Apa tikuonapo zinthu ziwiri. Choyamba, anthu a ku Kilimani adamveka chifukwa adalankhula pamodzi. Dandaulo la munthu mmodzi silivuta kulinyalanyaza, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chachiwiri, chigamulo chidabwera malo aja atazika kale mizu, moti kuwatseka kudakhudza mphika wa mabanja ena osalakwa. Akuluakulu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Tsono ife amene timakumana m'miphakati ndi m'misonkhano ya m'madera mwathu tili ndi mwayi woona kusinthaku kukadali koyamba. Nyumba yoyandikana nafe ikayamba kusanduka bala, tili ndi ufulu wofunsa ku khonsolo ngati chilolezo chosinthira ntchito ya nyumbayo chidaperekedwa, mtundu wa chiphaso chake, ndiponso maola amene chikulola. Tingathenso kukhala pansi ndi mwini malowo mwaulemu, tili gulu, n'kugwirizana za nthawi yozimitsa nyimbo. Kukambirana kotere kumaphweka bala ikadali imodzi, mabanja asanayambe kulongedza katundu.