Masiku atatu kusukulu, awiri pakhomo

Ku England kuli ana amene amapita kusukulu Lolemba mpaka Lachitatu, masiku otsalawo n'kumaphunzira pakhomo ndi makolo awo. Kumeneko amati flexi-schooling. Ine njirayi ndimaiyamikira, makamaka kwa ana a autism, omwe phokoso la m'kalasi, kulira kwa belu ndi piringupiringu wa anzawo zimawafoola moti pofika Lachinayi mutu sugwiranso. Mwana wotere si waulesi ayi. Akapuma n'kuphunzira mwakachetechete kunyumba, amabwerera kwa anzake ali ndi mphamvu.

Lamulo la maphunziro la 1996, gawo 7, limapatsa kholo udindo woonetsetsa kuti mwana akulandira maphunziro okwanira, ogwirizana ndi msinkhu, nzeru ndi zosowa zake zapadera, kaya kusukulu kapena mwanjira ina. Koma kugawa masabata chonchi si ufulu wa kholo. Avomereze ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo akhoza kukana. Akalola, dzina la mwana limakhalabe m'kaundula wa sukuluyo.

Ana ena ali ndi EHC plan, chikalata chimene khonsolo imalembamo thandizo loyenera mwanayo potsatira lamulo la 2014. Chimaunikidwanso chaka chilichonse, ndipo pamenepo ndi pabwino kuitula nkhani yogawa masikuyi.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti masiku a pakhomo amafuna munthu wamkulu, ndipo kawirikawiri amene amachepetsa ntchito yake ndi mayi.

Makolo anzanga, mukagwirizana ndi sukulu, zilembedwe papepala: masiku ati, maphunziro ati, aphunzitsa ndani.