Makoma a ku Nineveh ndi dzala la ku Mankhamba

Mwana aliyense wa Sande sukulu kuno ku Machinjiri angakuuzeni za Nineveh, mzinda umene Yona anakana kupitako mpaka anamezedwa ndi chinsomba. Mutamufunsa za Mankhamba, likulu la a Kalonga a ufumu wa Maravi, angokuyang'anani. Makolo ake nawonso ambiri sadziwa kuti kuli mbali iti. Ine zimenezi zimandipweteka, chifukwa mizinda iwiriyi inadziwika bwino m'njira imodzi, ya anthu okumba pansi mosamala, ndipo wathuwu uli pompano, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza.

Nineveh unali likulu la Assyria, dziko limene Baibulo lathu limalitchula kuti Asuri. Mabwinja ake ali m'mbali mwa mtsinje wa Tigris, moyang'anizana ndi mzinda wa Mosul ku Iraq. Adani anauwotcha m'chaka cha 612 Yesu asanabadwe, ndipo kwa zaka zoposa 2,000 unangosanduka zitunda zomwe abusa ankadyetserapo nkhosa. M'chaka cha 1845 Mngelezi wina, Austen Henry Layard, anayamba kukumba ku Nimrud, mzinda wina wa Asuri, kenako anasamukira ku Nineveh. Wothandizana naye anali Hormuzd Rassam, mbadwa ya ku Mosul komweko, amene mu 1853 anafukula nyumba ya mfumu Ashurbanipal.

Zimene anapeza n'zodabwitsa mpaka lero. Pazipata za nyumba za mafumu panali ng'ombe zamphongo zamwala, zamapiko, zokhala ndi mutu wa munthu wandevu. Zambiri anazisema ndi miyendo isanu, kuti ukaima kutsogolo uone chilombo chitaima nji, ukapita chammbali uchione chikuyenda. Makoma a zipinda anawakuta ndi miyala yosemedwa. Pa umodzi pali mkango waukazi wolasidwa mivi kumsana. Miyendo yakumbuyo yafa kale, ikungokwakwazika pansi, koma yakutsogolo yalimba ndipo kukamwa kuli yasa. Ndinauona pachithunzi chokha, koma wosemayo anaudziwa mkango, ndipo ndikukhulupirira kuti anaumvera chisoni. Chipinda china chonse cha m'nyumba ya mfumu Sennacherib chikuonetsa mmene anagonjetsera mzinda wa Lachish mu 701 Yesu asanabadwe, nkhondo yomweyo yotchulidwa pa 2 Mafumu 18: asilikali akukwera linga, akazi ndi ana akutuluka ndi akatundu awo, ogwidwa ena akusendedwa khungu. Panapezekanso mapale olembedwa oposa 30,000, omwe moto wowononga mzindawo unawaumitsa m'malo mowatha. Zambiri mwa zinthuzi zili ku British Museum ku London.

Luso lake ndi lalikulu, koma tisaiwale amene analamula kuti zisemedwe. Inali mfumu, ndipo inkafuna kuti kazembe wa dziko lina akalowa m'chipindamo mawondo agwedezeke. Pamakomawo mfumu sigonja, sidwala, sikalamba.

Ku Mankhamba kunalibe makoma amiyala. Makolo athu ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, ndipo chiswe ndi mvula zinamaliza zonse kalekale. N'chifukwa chake ena ankayesa kuti nkhani za a Kalonga ndi nthano chabe za pamoto. Dr Yusuf Juwayeyi, katswiri wa kwathu konkuno wofukula zinthu zakale, anayambira pa zomwe akuluakulu a m'deralo ankakumbukira za malo a mudziwo, ndipo atawapeza anakumba pamulu wa zotaya za anthu akalewo. Anakumba dzala. Zotsatira zake anazilemba m'buku la Archaeology and Oral Tradition in Malawi, lomwe linatuluka mu 2020.

Dzalalo linatulutsa mikanda yagalasi yochokera ku Asia ndi ku Ulaya, zidutswa za mbale zonyezimira za ku China, zigoba za nkhono za kunyanja yamchere, zipangizo zachitsulo, zokongoletsa zamkuwa, ndi minyanga ya njovu yochuluka, ina itasemedwa kale kukhala makoza. Munalinso mapale osawerengeka ndi mafupa a ziweto ndi nyama zakutchire. Kuyeza kunasonyeza kuti Achewa anali atakhazikika pamalopo m'zaka za m'ma 1400. Taganizirani ulendo wa kambale kamodzi kaja: kuchoka ku China pa chombo, kudutsa nyanja ya India, kutsikira kugombe la kum'mawa kwa Africa, kenako kusinthana manja mpaka kufika m'mphepete mwa nyanja yathu, zaka mazana angapo David Livingstone asanaione nyanjayo mu 1859. Anthu a ku Mankhamba sanali otsekeredwa m'tchire. Ankasaka njovu, kusema minyanga, kugulitsa, ndi kusankha mikanda ya mtundu umene akazi awo ankaukonda.

Apa mpamene ndimaona kuti dzala limaposa khoma la mfumu. Khoma limanena zimene mwini wake ankafuna kuti timve. Dzala palibe amene analikonza kuti lidzaonedwe. Munthu anangotaya mphika wosweka ndi fupa la ndiwo za dzulo, n'kubwerera kunyumba. Likatiuza kuti pamudzi panali nyama, chitsulo ndi katundu wakunja, lilibe chifukwa chodzitamira.

Zojambula nafenso tili nazo, ndipo sizili kutali ndi Mankhamba. M'mapiri a Chongoni, ku Dedza komweko, muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera ndi Achewa, ndipo zambiri mwa zoyerazo zikukhudza chinamwali cha atsikana ndi zilombo za nyau. Mudzazipeza ku Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Anamkungwi ankajambula pophunzitsa ana awo, osati poopseza alendo.

Mu 2015 zigawenga za ISIS zinaphwanya zosema za m'nyumba yosungiramo zakale ku Mosul ndi za ku Nimrud, ndipo dziko lonse linalira. Zathu zimatha mwakachetechete. Ku Chongoni anthu amalemba maina awo ndi makala pamwamba pa zithunzi. Kuno ku Machinjiri, komwe nyumba zikukwera mapiri chaka ndi chaka, dothi limatembenuzidwa tsiku lililonse ndi oumba njerwa, okumba maziko ndi okumba zimbudzi, popanda woyang'ana zomwe zikutuluka. Mnyamata wina woumba njerwa pafupi ndi kwathu anandipatsa phale lomwe khasu lake linatukula m'nkhuti. Linali lochindikala, lakuda mkati, ndipo m'munsi mwa mlomo wake munali timizere topendekeka tolembedwa dothi lili lofewa, mwina ndi kamtengo. Mapale ena onse anali atawaponda limodzi ndi matope.

Timizere totere ndi tomwe akatswiri amawerenga. Keith Robinson, amene anakumba malo ambiri m'Malawi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pamodzi ndi akatswiri ena anasiyanitsa mibadwo ya miphika potengera kaumbidwe ndi kakongoletsedwe kake, n'kuitcha maina a malo omwe inapezeka: Nkope, Kapeni, Mawudzu, Nkhudzi. Ya Nkope ndiyo yakale kwambiri, ya alimi oyamba osula chitsulo. Ya Mawudzu ndiyo yodzaza ku Mankhamba. Koma phale lokha silikwanira. Chofunika ndi kuzama komwe linali ndiponso makala amene linagona nawo, chifukwa chamoyo chilichonse chikafa, mtundu wina wa kaboni womwe uli mkati mwake umayamba kuchepa, ndipo umatsala theka pakatha zaka pafupifupi 5,730. Makala a moto womwe unaphikira mphikawo ndiwo amatchula zaka. Wopeza mapale ambiri pamodzi, mafupa kapena zotsalira za ng'anjo yachitsulo aleke kukumba pamenepo, ajambule ndi foni zinthu zisanasunthidwe, ndipo akadziwitse ogwira ntchito ku Museum ya ku Chichiri, yomwe ili pansi pa nthambi ya boma yoyang'anira zakale.