Kulira kwa m'makutu: ubongo, chibadwa ndi mankhwala

Ku Mangochi ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja, komwe malungo ndi ochuluka, anthu ambiri amene analandirapo kwinini amakudziwa kulira kwa m'makutu, komwe madokotala amakutcha tinnitus. Kulira kobwera ndi kwinini kumatha munthu akamaliza mankhwala, koma kwina sikutha.

Phokosoli silichokera kunja. Mkati mwa khutu muli timaselo tokhala ndi titsitsi tomwe timatumiza mauthenga ku ubongo. Tikawonongeka ndi phokoso la chigayo, la injini ya boti kapena ndi mankhwala ena, sitimeranso. Ubongo ukasowa mauthengawo umawonjezera mphamvu yomvera, ngati wailesi yokwezedwa siteshoni itasowa, ndipo munthu amamva kulira.

Chibadwa nacho chili ndi mbali yake. Kafukufuku wa mapasa ku Sweden, wofalitsidwa mu 2017, anapeza kuti kulira kwa makutu onse awiri kumatengera kumtundu kuposa kwa khutu limodzi. Palinso kusintha kwa majini kotchedwa m.1555A>G, komwe mwana amatengera kwa mayi okha. Amene ali nako akhoza kugontha akabayidwa gentamicin kapena streptomycin, ngakhale pa mlingo woyenera.

Choncho azaumoyo ndi anthu odzipereka azifunsa odwala kuti: kodi kuchikazi kwanu alipo amene anagontha atabayidwa jakisoni? Yankho lifike kwa dokotala mankhwalawa asanaperekedwe. Amene khutu limodzi lokha likulira, kapena wasiya kumva mwadzidzidzi, atumizidwe msanga ku chipatala chachikulu cha Mangochi. Akatswiri oyeza makutu amapezeka ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre.